Apongozi Anga ndi Nsonga Zitatu

Apongozi anga anaphunzitsa jogalafe kusekondale zaka makumi atatu ndi zitatu. Nsonga zitatu zazitali kwambiri m'dziko lathu ankazidziwa kutalika kwake mpaka mita yomaliza, ndipo mwana wophonya nambala imodzi ankabwereza phunziro lonse ataimirira. Koma eni akewo anali asanapondeko phazi. Nsonga zonsezo zili paphiri limodzi, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kuchokera mumzinda momwe timakhala. Moyo wawo wonse ankangoti adzapita ana akakula, kenako akadzapuma pantchito, kenako amuna awo akachira. Amuna awo sanachire. Patatha zaka ziwiri, iwonso sitiroko inawagwetsa m'bafa.

Anadzuka, koma dzanja lamanzere linatsala lofooka, ndipo phazi la mbali yomweyo ankachita kulikoka poyenda. Ana awo awiri, amuna anga ndi alamu anga aakulu, anakhoma nyumba ya mayi awo n'kuwabweretsa kwathu, m'nyumba yosanja, pansanjika yachitatu. Amuna anga amagwira ntchito kukampani ya inshulansi, moti ngozi amaiona ngakhale m'supuni. Anaika malamulo: amayi asayandikire sitovu, asakhome chitseko posamba, asatsike masitepe popanda wowagwira mkono. Mpeni wosendera mbatata anaubisa pamwamba pa firiji.

Apongozi anakhala chete pafupifupi chaka, ife n'kumati azolowera. Amene anaulula ndi mlonda wa pageti. Anati tsiku lililonse tikangopita kuntchito, ana atapita kusukulu, amayi aja amabereka chikwama chodzaza mabuku n'kumatsika ndi kukwera masitepe onse, kuyambira pansi mpaka pansanjika yachisanu, kakhumi, tsiku lina kupitirira. Amuna anga anawafunsa madzulo ake tikudya. Apongozi sanakane. Anamaliza kutafuna, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti mwezi wamawa, mvula isanayambe, akukakwera nsonga zonse zitatu.

Loweruka alamu anabwera, ndipo awiriwo anakhala pasofa ngati oweruza milandu. Ananena za zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu zomwe mayi awo anali nazo, za mtima, za manyazi, ati anthu adzanena kuti ana ophunzira anakataya mayi wawo kuphiri. Apongozi anamvetsera mpaka onse malovu atauma, n'kungoti akamve kwa dokotala. Anawo anavomera msanga, akudziwa kuti dokotala awathandiza kuletsa. Koma dokotalayo anawapima nthawi yaitali, anawayendetsa pamakina aja oyenda uli pamodzimodzi, kenako anati mtima wawo ukugunda bwino kuposa wa mwana wawo, amene anali akadali wefuwefu ndi masitepe a chipatala. Analemba kalata yowaloleza. Anangoti asadumphe mankhwala ngakhale tsiku limodzi, ayende pang'onopang'ono, ndipo mutu ukayamba kuwawa kapena nkhope ikachita dzanzi, abwerere pomwepo.

Amuna anga anandipeza m'khitchini ndikutsuka mbale, n'kutseka chitseko.

"Upite nawo. Akafika pakanyumba koyamba kogonamo okwera phiri atatopa, uwanyengerere abwerere. Iwe amakumvera."

Limeneli linali bodza la mkunkhuniza. Pazaka khumi ndi ziwiri za ukwati wanga, apongozi anali asanandimverepo ngakhale pankhani ya mchere. Komanso ine ndimagulitsa nsapato m'sitolo. Phiri lomwe ndinkalidziwa ndi makwerero otengera mabokosi a pashelefu yapamwamba, ndipo ngakhale pamenepo sindiyang'ana pansi. Koma ndinavomera, monga ndinkachitira nthawi zonse.

Nsapato zawo ndinawasankhira ndine. Nditawayeza ndinapeza kuti phazi lamanzere ndi lotupa, laposa linzake ndi saizi yathunthu, ndiye ndinawachonderera abwana mpaka anandilola kusokoneza mapeyala awiri, kumanja sikisi, kumanzere seveni. Nditagwada ndikuwamanga zingwe, poti ndi dzanja limodzi sakanatha, anayankhula akuyang'ana paliwombo panga. Iwo amandiitana apongozi, ndi ulemu wina wake woti umachita kukucheka.

"Ndikudziwa chomwe akutumani, apongozi. Simudzachitha. Koma nsapato mwasankha bwino."

Ofesi ya patsinde pa phiri ndi kachipinda kamodzi: tebulo, buku lalikulu lolembamo okwera, chidindo, ndi pepala la malamulo lofiirira ndi dzuwa pakhoma. Kalaliki wake anayang'ana ndodo ya apongozi, anayang'ana chaka chobadwa pachitupa, n'kukankhira kalata ya dokotala pambali osaiwerenga. Anati kuphiri kuno si kwa anthu a msinkhu wawo, koma pali mathithi okongola mphindi makumi awiri kuchokera pageti, ndipo agogo ambiri amasangalala nawo. Apongozi sanakweze mawu. Anamuuza atembenuke, awerenge malamulo a pakhomawo mokweza, limodzi limodzi. Sindikudziwa chomwe chili m'mawu a mphunzitsi, koma bambo wandevu zake uja anaimirira n'kuwerenga onse khumi ndi anayi, za moto, za zinyalala, za kuthyola maluwa. Atamaliza anamufunsa kuti la zaka ndi nambala chani. Kalaliki uja anadinda.

Namulondola wathu anali bambo wa zaka ngati makumi asanu, wamfupi, woumira mawu. Anabwera ndi mlamu wake wonyamula katundu, chimunthu chachitali choseka ndi thupi lonse. Namulondola sanafunse za zaka. Anawauza apongozi ayende mpaka pathanki ya madzi n'kubwerera, kenako akwere pamwala ndi mwendo uliwonse. Anayang'anitsitsa phazi lamanzere lija, n'kunena kuti awatenga, koma iye akati tibwerere, palibe kukambirana. Apongozi anayankha kuti akanena chifukwa cha nyengo kapena chifukwa cha zomwe dokotala analemba, amvera, koma akanena chifukwa cha imvi zawo, abwerera yekha. Anagwirana chanza.

Tsiku loyamba tinakwera maola asanu ndi awiri m'nkhalango, njira yake yoimirira, ya mizu ndi miyala yoterera. Apongozi anali ndi kayendedwe kawokawo: ndodo patsogolo, phazi lamanja, kenako kukoka lamanzere, kuwerenga mpaka makumi asanu, n'kupuma chiimirire. Sankakhala pansi, ati ukakhala miyendo imayesa mwafika. Chakumasana gulu la achinyamata a zovala zowala linatidutsa, ndipo mmodzi anatulutsa foni n'kupempha kuti ajambule agogo olimba mtimawa. Apongozi anamuuza kuti zidzukulu zawo amazidziwa zonse ndi mayina, iye ajambule mitengo.

Amene anaona zakuda ndi ine. Ine wogulitsa nsapato, ndinadzisankhira zokongola zomwe ndinali ndisanaziyendere, ndipo tisanafike pakati ndinali ndi matuza atatu. Ndinasanza kuseri kwa mwala, wonyamula katundu akunamizira kuyang'ana mbalame. Tinafika pakanyumba koyamba dzuwa likulowa. Ndi kanyumba kamatabwa, ka mabedi osanjikiza ndi malo osonkhapo moto. Apongozi anadya mpunga mbale yodzaza. Ine ndinamwa tiyi yekha.

M'mawa namulondola anandionetsa mwala wina kuseri, pomwe netiweki imagwira ukaima pamwamba pake. Amuna anga anayankha foni isanalire kawiri, n'kufunsa kuti titsika nthawi yanji. Ndinawauza kuti mayi awo adya bwino, agona bwino, mutu sukuwawa. Anati ngati ndi choncho ndinene kuti wodwala ndine, sangandisiye. Kumeneko sikunali kunama, ndiye ndinatsika pamwalapo n'kukawauza apongozi kuti m'thupi simuli bwino. Ndinawapeza akulimbana ndi lamba wa chikwama, mbali ina ataigwira ndi mano. Sanakwiye. Anati wonyamula katundu andiperekeze mpaka pansi, iwo adikira kuti abwerenso.

"Mukawauze amuna anu kuti ntchito mwagwira. Ine ndidzakuikirani umboni."

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinangopsa mtima kuti aliyense, amuna anga ndi mayi awo omwe, ankadziwa kale pomwe ine ndithere. Ndinamata matuza aja ndi pulasitala, ndinavala masokosi awiriawiri, ndinazimitsa foni n'kuiponya pansi pa chikwama.

Nsonga yoyamba ndi yofatsa, ya udzu waufupi ndi mphepo. Tinafika pamulu wa miyala wa pamwamba pake cha m'ma leveni. Apongozi anapuma pang'ono, kenako analoza chigwa cha kum'mawa ndi ndodo, n'kutiuza ngati ali m'kalasi kuti mtsinje waukulu umayambira pamenepo. Namulondola anati ayi, khwawa limenelo limakhala louma miyezi isanu ndi inayi pachaka, mtsinjewo umayambira kuseri kwa nsonga yachiwiri. Anatsutsana kwambiri. Apongozi anatchula buku ndi tsamba lake. Namulondola sanatchule kanthu, anangowagwira pachigongono n'kuwafikitsa m'mphepete, pomwe madzi ankaoneka akunyezimira kutali, mbali yomwe iye ananena. Apongozi anawayang'anitsitsa madziwo. Kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Zaka makumi atatu ndi zitatu. Pali ana ena ndinawachonga ndi inki yofiira chifukwa cholemba zoona."

Nsonga yachiwiri ndi ina. Ndi mwala wokhawokha, wosongoka ngati dzino la galu. Tsiku lachitatu tinayenda bwino mpaka tinafika pathanthwe lina lopendekeka, lotalika ngati nyumba ziwiri zosanjikiza, pomwe munthu amakwera ndi manja onse awiri, kumanzere kwake kuli phompho. Namulondola anakwera kaye, n'kuponya chingwe, ndipo mlamu wake anawamanga apongozi m'chiuno. Anakwera mikono itatu. Dzanja lamanzere litagwira mwala, zala zinangotseguka zokha, ndipo anatsetsereka chafufumimba mpaka chingwe chinawagwira. Chibwano chinang'ambika, bondo linasupuka. Wonyamula katundu anawatsitsa bwinobwino, kenako ananjuta patsogolo pawo n'kuwapatsa msana. Anati waberekapo anthu olemera kuwaposa, ndipo palibe amene adzamve.

"Mudzandibereke ndikafa, bambo. Lero dzukani."

Anakhala akuliyang'ana thanthwelo ngati funso la mayeso. Pakati pake panali mng'alu wotsika kuchokera pamwamba. Anapempha kuti ndiwakulunge chigongono chamanzere ndi juzi yanga, n'kuyambanso. Ankalowetsa chigongonocho mumng'alu, n'kuponda ndi bondo, n'kudzikoka ndi dzanja lamanja, namulondola akuwauza kuchokera pamwamba poika phazi. Malo omwe ena amakwera mphindi makumi awiri, iwo anatha maola awiri. Kawiri konse anaima, chipumi atachigunditsa kumwala, ine n'kumati basi kwatha. Kawiri konse ananyamukanso.

Itakwana nthawi yanga ndinakwera bwino mpaka pakati, kenako ndinachita chomwe namulondola anandiletsa, ndinayang'ana kumanzere. Mitengo ya pansi inkaoneka ngati udzu. Manja anakana kusiya mwala, ndipo ndinayamba kulira mokweza, kuitana amayi anga omwe anamwalira kalekale. Namulondola ankandiuza kuti chingwe n'cholimba, koma mawu ake sankalowa. Kenako pamwamba panatulukira nkhope ya apongozi, atagona chafufumimba, magazi ataumira pachibwano. Sananditonthoze. Anandifunsa kuti amuna anga amavala saizi chani. Ndinati eyiti. Anati ndikweze phazi lamanja. Nanga mwana wamkulu? Faifi, koma akukula. Dzanja lamanzere. Nanga dokotala uja? Ndinadabwa kumva pakamwa panga pakuyankha kuti naini, phazi lotambalala, chidendene chimadyekera kunja. Anandifunsa za abwana anga, za mlonda, za kalaliki wa malamulo khumi ndi anayi, mpaka dzanja la namulondola linandigwira pakolala. Pansonga yachiwiri tinakhala moyandikana, mapewa atagundana. Anandigawira theka la bisiketi yawo.

Tsiku lachinayi tinasamukira kukanyumba komaliza, patsinde pa nsonga yaikulu. Kumeneko kulibe mitengo, madzi ake amaluma mano. Cha m'ma fili koloko, ndikuyanika masokosi pamwala, ndinaona anthu atatu akukwera njira yachidule yochokera pansi. Awiri anali alonda a phirilo, atanyamula machira opinda. Wachitatu, kumbuyo kwambiri, atavala nsapato za kuofesi, thalauza ili matope mpaka m'mawondo, anali amuna anga. Foni yanga itasiya kupezeka, iwo ndi alamu anagwirizana zokauza a ofesi kuti kuchokera pomwe anadwala, mayi awo mutu suyenda bwino, ndipo akufunika kutsitsidwa.

Mlonda wamkulu anali munthu waulemu. Anavula chipewa, anakhala pabenchi, n'kuwafunsa apongozi kuti lero ndi lachingati, ali kuti, abwera ndi yani. Anayankha zonse, n'kuwonjezera kutalika kwa pomwe kanyumbako kali, komanso anamuonetsa liwu lomwe linalembedwa molakwika pafomu yake. Mlondayo anawerenga kalata ya dokotala, anafunsa namulondola pambali, kenako anauza amuna anga kuti iwo amanyamula ovulala ndi odwala, osati munthu wanzeru zake amene sakufuna kutsika.

Amuna anga anakhala pansi pafupi ndi mayi awo, mpweya usanabwerere bwino. Ndinkayembekeza kuti akalipa. Anayankhula motsitsa.

"Amayi, amene anathyola chitseko cha bafa ndine. Ndinakupezani pansi, pakamwa patapotoka, mukundiyang'ana osandizindikira. Mpaka lero ndikamva madzi akutayika m'bafa ndimaima pakhomo kumvetsera. Mukufuna ndidzakupezeninso pansi pa phompho?"

Aka kanali koyamba kuti ndimve zimenezi. Apongozi anaika dzanja lawo labwino pabondo la mwana wawo, n'kulisiya pomwepo kanthawi.

"Ndikudziwa, mwana wanga, ndipo pepa kuti unaziona. Koma taganiza. Ndinagwera m'nyumba, sopo ali m'manja. Chakudza sichiimba ng'oma, sichifunsanso ngati uli paphiri kapena pampando. Chaka chathunthu mwandisunga ngati kapu ya alendo m'kabati. Ine sindinafe tsiku lija. Mantha akowo ndi ako, ndipo ndikuwamvetsa, koma sindingakhale m'kati mwake mpaka imfa."

Amuna anga anatembenukira kwa ine, maso atafiira, n'kundifunsa kuti anandituma chiyani.

"Munandituma ndiwabweze akatopa. Sanatope. Mawa ndikukwera nawo."

Pazaka zonse zija ndinali ndisanawayankhepo chotero pamaso pa anthu. Wonyamula katundu anapeza chochita ndi mapoto mwadzidzidzi.

Kutacha alonda anatsika ndi machira awo. Amuna anga anatsala m'kanyumba, mutu ukuwawa chifukwa chokwera mothamanga. Ife tinanyamuka kutangoyera. Njira ya kunsonga yaikulu imadutsa pakati pa miyala ikuluikulu ngati mabasi, pena kukwawa pansi pake, pena kulumpha. Titayenda maola anayi, namulondola anati kwatsala mphindi makumi anayi. Pomwepo nkhungu inakwera kuchokera kuchigwa, mwaliwiro ngati utsi wa moto wolusa, ndipo posakhalitsa sindinkaona ngakhale chikwama cha amene ali patsogolo panga. Namulondola anati tibwerere.

Apongozi anapempha kuti tidikire. Tinabisala kuseri kwa mwala theka la ola, mphepo ikulira, kamvula kowaza katayamba, miyala ikunyowa. Namulondola ananenanso mawu omwe aja. Apongozi anamufunsa maso ndi maso ngati mnyamata wa zaka makumi atatu akanamubweza. Iye anati akanabweza aliyense, ndipo akanakhala yekha akanadzibweza. Anadzuka oyamba ndi apongozi. Njira yonse yotsika ndodo yawo inkamenya miyala ngati miyalayo ndi imene yalakwa.

Amuna anga atationa, nkhope yawo inamasuka. Anati amayi ayesetsa, ziwiri mwa zitatu si zochepa, palibe angawaseke. Apongozi anavula jekete yonyowa, anaikoleka pamsomali, n'kunena kuti pano sachoka mpaka nkhungu itachoka. Koma chakudya chinali chitatsala cha tsiku limodzi, mankhwala a masiku awiri. Apongozi anati chakudya azidya theka. Namulondola anati za chakudya angagwirizane, koma popanda mankhwala sawatenga, ndipo zimenezo n'zomwe dokotala analemba. Apongozi anakhala pabedi, manja ali pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba paulendo wonsewo anaoneka nkhalamba.

Amuna anga anatuluka, n'kukakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa ndinawapeza akumanga nsapato yawo yong'ambika ndi waya. Sanandiyang'ane. Anangondifunsa dzina la mankhwala, n'kulilemba padzanja, kenako anatsika ndi wonyamula katundu osatsanzika mayi awo. Sitinadziwe ngati apita kukagula mankhwala kapena kukaitana akulu awo. Masiku awiri amenewo nkhungu sinachoke. Tinkadya phala lamadzimadzi, apongozi akuzungulira kanyumba kakhumi m'mawa, kakhumi masana, kuti miyendo isaiwale. Tsiku lachiwirilo chakumadzulo wonyamula katundu anatulukira yekha, atasenza mpunga, nyemba, shuga ndi kabokosi ka mankhwala. Pakabokosipo panali zolemba za amuna anga: kawiri patsiku, mutadya. Panalibe china. Apongozi anawerenga kawiri, n'kukaika m'thumba la pamtima.

Kunacha koyera, kozizira moti madzi a m'ndowa anaundana pamwamba. Tinadutsa miyala ija, tinadutsa pomwe tinabisala, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tinakwera thanthwe lomaliza. Pamwamba pake ndi malo ochepa, osaposa khitchini yanga, pali chipilala chasimenti ndi chitsulo chadzimbiri. Mitambo inali pansi pathu. Kupyola mitamboyo kunkaoneka minda, misewu ngati ulusi, ndi nsonga ziwiri zija, zomwe tsopano tinkaziyang'ana chotsika. Apongozi sanafuule, sanalire. Anakhala motsamira chipilala, anapempha tiyi wa m'fulasiki, n'kumayang'ana mbali iliyonse nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka, ndikuganiza kuti ankatchula mayina a zomwe akuona. Kenako anati ndiwadzutse, ndiwalande ndodo, ndipo ndiwasiye. Anaima okha, miyendo itatangadza, mphepo ikukoka jekete, mwina mphindi yathunthu. Namulondola anavula chipewa.

"Kwazizira. Tiyeni," anatero.

Kutsika kunatitengera masiku atatu, ndipo kunapweteka kuposa kukwera. Bondo la apongozi linatupa ngati mpira, zikhadabo ziwiri za kuphazi zinachoka. Ola lomaliza anatsamira paphewa langa, akundiopseza kuti ndikadzaulula adzakana. Amuna anga tinawapeza pansi pa mtengo pafupi ndi geti, ndevu zitamera, atagona masiku onsewo m'kachipinda ka alendo. Anapereka moni kwa mayi awo, anayang'ana chibwano chija, anawalanda chikwama. Ine sanandipatse moni. Panatha masabata awiri tikuyankhulana za ana ndi za magetsi zokha, mpaka tsiku lina anandifunsa, akuyang'ana kumbali, kuti kumwambako kumaoneka bwanji. Ndinawafotokozera zonse. Alamu anga mpaka lero amati amene anawononga mayi awo ndine.

Mvula yoyamba isanagwe, apongozi anabwerera kunyumba kwawo. Sanaitanitse msonkhano. Anangopempha galimoto ya mnansi Lachiwiri m'mawa, ndipo ine ndinawathandiza kupakira ndisanapite kusitolo. Dzanja lija silinachire, mabatani amavutika nawo, ndipo tikakumana timakanganabe za mchere. Amuna anga amapita kumeneko Loweruka lililonse kukakonza zinthu zosawonongeka. Mwezi watha anaika chitsulo chogwirira pamasitepe awiri a pakhonde, anachipaka penti yobiriwira, n'kuwaonetsa mayi awo kagwiridwe kake. Apongozi anathokoza kwambiri. Amayanikapo chikolopa.